Bambo Pakhonde, Ife Pasitima

Kuchokera pamsewu waukulu kukafika pakhomo pathu pali masitepe 214. Ndinawawerenga ndili mwana ndipo mpaka lero sanasinthe, ngakhale bambo ankalimbikira kuti akhonsolo amawonjezerapo awiri chaka chilichonse mwakabisira. Galimoto siifikako. Thumba la mpunga, firiji, munthu wodwala, zonse zimakwera ndi kutsika pamsana pa anthu.

Kunsi kwathu kwenikweni ndi kudoko la Matsugae, mumzinda wa Nagasaki, kumene zimaima sitima za alendo. Tsiku lopanda sitima, ukaima pawindo la kukhitchini umaona nyanja ndi mapiri a tsidya lina. Tsiku la sitima umaona chikhoma choyera cha timakonde mazanamazana, ndipo pakakhonde kena pamakhala munthu wa kapu ya khofi m'manja akukuyang'ana ukutsuka mbale. Zovala zoyanika zimanunkha utsi. Alendo ena amasochera n'kukwera mpaka pakhomo kudzapempha chimbudzi. Amayi amawalowetsa, kenako n'kuwapepesa kuti n'chaching'ono.

Bambo anga, a Kuniaki Iwanaga, anagwira ntchito padokopo zaka 26, yomanga ndi kumasula zingwe za sitimazo. Asanapite kumeneko anawotcherera zitsulo zaka khumi ndi zisanu kumalo opangira sitima, ndipo mapapo awo anawonongekera komweko. Sitima iliyonse imene anaimasula ankaiperekeza ataima chilili, chipewa m'manja, mpaka italowa kunsi kwa mlatho wa Megami. Sanakwerepo ngakhale imodzi.

Mu Seputembala anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, kachiwiri m'chaka chimodzi. Tsiku lotuluka adokotala anandiitanira pambali. Anamva kuti ndinaphunzira masamu kuyunivesite, ndiye ankaganiza kuti pakhomo amamvera ine.

"Ndikuwalola kubwerera kuphiriko chifukwa andivutitsa," anatero. "Koma chikawagwiranso kachitatu, sindidzasaina. Munthu wa mapapo otere sangakhale kumene ambulansi siifika. Adzapita kunyumba yosamalira okalamba, basi. Choncho mphepo yozizira ayi, mvula ayi. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Anzawo awiri akale a kudoko anawakweza masitepe aja atawakhazika pampando, bambo akuwatukwana njira yonse kuti akupendeketsa katundu.

Vuto linali loti ulendo unali utakonzedwa kale. Bambo anaulembetsa okha chaka chapitacho: masiku asanu pasitima, kunyamukira padoko lathu lomweli, kukondwerera zaka makumi anayi za ukwati wawo. Adokotala ataumva anaseka, kenako anaona kuti bambo sakuseka, ndiye anangoti ayi. Amayi anati nawonso sapita. Bambo anakhala masiku atatu osawalankhula mpaka amayi anagonja, ndipo malo a bambo anagwera ine.

Tsiku lonyamuka kunacha kuli mitambo, mphepo ikuchokera kumpoto, ija ya Disembala yolowa m'mafupa. Sitima inali itafika m'mawa n'kutitsekera windo. Azakhali a Mitsue, alongo awo aakulu a bambo, anabwera ndi kachikwama kawo kudzakhala nawo masiku asanuwo.

"Pakhonde simuimapo," ndinawauza bambo.

"Watero ndani?"

"Adokotala."

"Adokotala ali ndi khonde lawo. Akalamulire kumeneko."

"Mutiperekeze muli pawindo. Kuona n'kumodzimodzi."

"Kuseri kwa galasi, ngati nsomba ya m'lesitilanti? Mkazi wanga akukwera sitima koyamba, ine ndim'perekeze ndikuwotha hita?"

"Achimwene, mverani mwana," anatero azakhali. "Munam'phunzitsa nokha, ndiye musadabwe akamakulamulani."

Ine ntchito yanga ndi yokonza ndandanda ya nthawi za mabasi, ndipo ndinkakhulupirira kuti palibe mkangano umene sungathe ukaulemba m'mizere. Ndinatenga pepala. 2:55, bambo atuluka atavala jekete ndi sikafu, bulangete paphewa. 3:00, sitima inyamuka. 3:15, sitima yafika kumlatho, bambo alowa, amwa tiyi. Mphindi makumi awiri zokha. Pansi ndinasiya malo osainira.

"Aprofesa alemba," anatero bambo akusaina. "Ife osaphunzira tizingodinda."

"Azakhali, inu ndinu mboni. Ikakwana 3:15 muwalowetse, olo powakoka khutu."

Azakhali anati, "Khutu limenelo ndinayamba kulikoka asanamere ndevu. Iwe pita ukadye zabwino."

Amayi, a Fusae, anali atamata timapepala pa chilichonse cha m'firiji, kulemba tsiku loti chidyedwe. Pakhomo anawerama pang'ono.

"Ndapita, bambo a Chinatsu. Mankhwala a madzulo ali m'kabokosi kobiriwira."

"Pitani bwino. Musakadye ngati anthu oti kwawo kulibe chakudya."

Azakhali ananyamula chikwama chimodzi. "Ndingokufikitsani pansipa, ndibwerera pompano," anatero. Nthawi inali isanakwane 1 koloko, ndiye sindinaone choletsa. M'chikwama chawo cha m'manja munkasuzumira timitengo tiwiri ta mbendera. Azakhali ali m'gulu la amayi amene amaperekeza sitima iliyonse yochoka padoko lathu, kaya ikupita ku Shanghai kaya kulikonse. Timitengoto ndinationa, koma sindinatiike pandandanda.

M'sitima anatijambula, anatipatsa makhadi, anatiphunzitsa kuvala majekete oyandamitsa, ndipo pokwana 2:45 tinali pamwamba penipeni, pabwalo lopanda denga, mbali yoyang'ana kuphiri. Nyumba yathu inali pafupifupi mulingo umodzi ndi ife. Ndinatulutsa magalasi oonera patali amene bambo anatibwereka.

Anali atatuluka kale. Jekete anavaladi, koma lija la kuntchito, lopyapyala, la dzina la kampani pachifuwa. Sikafu panalibe. Bulangete linali lopindidwa bwinobwino pampando umene sanakhalepo.

"Alamu ali nawo?" anafunsa amayi.

Ndinatsitsa magalasiwo kuyang'ana padoko. Panali bandi ya azibambo opuma ntchito ikuimba malipenga, ndipo pambali pake mizere iwiri ya amayi ovala majekete achikasu. Azakhali anali pamzere woyamba, mbendera dzanja lililonse. Amayi atawaona anavula gulovesi n'kuyamba kubayibitsa, poyamba pansi kwa azakhali, kenako kuphiri kwa bambo, pansi, kuphiri, kuti wina asadandaule.

Inakwana 3 koloko. Lipenga la sitima silinalire. Zingwe zinali chimangire, ndipo anthu omasula anaima pafupi nazo manja ali m'matumba. Patapita mphindi zisanu mawu anamveka pa chimkuzamawu, m'zinenero zitatu, kupepesa kwambiri. Basi yonyamula alendo makumi anayi kuchokera kubwalo la ndege ku Fukuoka inali itatsekeredwa ndi ngozi ya pamsewu. Tinyamuka pakatha mphindi makumi awiri.

Ndinaimba foni ya m'nyumba. Pamagalasi ndinaona bambo akupendeketsa mutu pang'ono, kusonyeza kuti aimva. Phazi sanasunthe. Foni yawo ya m'manja ndinkadziwa komwe inali: patebulo, pa chaja, pomwe yakhala chiigulireni.

Ndinaimbira azakhali, ndipo anayankha nditaimba kachinayi.

"Chinatsu! Ndikukuonani! Uwauze alamu kuti chipewacho chawakhala."

"Azakhali, mukutani pamenepo? Bambo ali okha pakhonde."

"Aa, si akuti mphindi makumi awiri zokha? Sitima ikangonyamuka ndikwera."

"Kwerani panopa."

"Ndichoke bwanji alamu akundibayibitsa? Aziti chiyani, ndatopa nawo? Komanso a Hamasaki, a kuphiri kwathu aja, ali pambali pangapa. Mawa phiri lonse likhala litamva kuti Mitsue anathawa pamzere sitima ya mlamu wake ili pachingwe."

Bandi inayambanso nyimbo, ndipo foni inaduka.

"Amayi, tiyeni tilowe mkati," ndinatero. "Azakhali sachoka inu muli pano."

"Ndikakhale pofunda bambo ako ataima apo? Ndi alamu atatsika masitepe onse aja chifukwa cha ine?" Sanandiyang'ane n'komwe, dzanja linali m'mwamba. "Ndinakulera bwanji iwe?"

Kwathu munthu wochoka sum'fulatira asanazimiririke. Wogulitsa nsapato amakuweramira mpaka utakhota pakona. Wochokayo nayenso sakhala pansi anthu ataimirira chifukwa cha iye. Mwambowu umayenda bwino zedi, bola chochokacho chichokedi.

Kuyunivesite ndinkakonda timafunso totere, ta anthu atatu aliyense akudikira mnzake ayambe. Timakhala ndi yankho limodzi laudongo. Funso ili nalonso yankho linalipo: mmodzi achite mwano. Ndinawayang'ana atatuwo, onse opitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndinaona kuti phunziro la mwanoli palibe amene analitenga.

Pa 3:25 mawu aja anapepesanso. Mphindi zina khumi ndi zisanu. Ndinawauza amayi kuti asasunthe, ngati kuti akanasuntha, n'kutsika ndi chikepe mpaka pakhomo lotulukira. Panali mayi wina wa yunifolomu yabuluu, wa kumwetulira kosatha.

"Mukhoza kutsika, palibe angakuletseni," anatero. "Koma mukatsika mwatsika, khadi lanu tilitseka. Ndipo tikunyamuka posachedwa, mphindi khumi ndi zisanu zokha."

Ndinaima pamenepo n'kuwerengera. Kutuluka pageti ndi kuwoloka msewu, mphindi zisanu ndi imodzi. Masitepe, ndikuthamanga, khumi ndi imodzi. Ndikanafika sitima itamasulidwa kale, bambo atatsala pang'ono kulowa okha, amayi ali paulendo wa masiku asanu pakati pa anthu zikwi zitatu asakudziwa ndi komwe kuli chipinda chawo. Kutsika kunalibe phindu. Masamu anali olondola. Ndinabwerera pamwamba.

Pa 3:45 anapepesanso, mphindi khumi ndi zisanu, ndipo masamu anga anali olondolabe. Bandi inali ndi nyimbo zitatu zokha, ndipo inali itaziimba kanayi. Alendo ambiri anali atalowa kukasaka chakudya. Bambo anali ataima monga anaimira poyamba, koma tsopano dzanja limodzi linagwira chitsulo cha khonde, ndipo nthawi ndi nthawi mapewa awo ankadumpha. Kutsokomola sikumveka pamtunda wotero. Kumangooneka.

Kenako mvula inayamba, ya mawawa, yobwera chammbali ndi mphepo.

Ndinawagwira amayi pamkono n'kuwakoka.

"Chinatsu! Ukundipweteka!"

"Lowani."

"Anthu akuona!"

"Aone."

Ndinawalowetsa m'chipinda chachikulu cha magalasi okhaokha, momwe munthu wina ankaimba piyano anthu akumwa zakumwa za mitundu yowala. Ndinawakhazika kuseri kwa chipilala kuti azakhali asawaone. Amayi anakhala chowongoka, chipewa chitapendekeka. Chibadwire sindinawagwirepo choncho.

Yankho langa linagwira ntchito. Azakhali anabayibitsabe kanthawi pamalo opanda munthu, kenako anawerama kwa a Hamasaki, anaweramanso kwa mnzawo wa mbali inayo, anaweramira ndi sitima, n'kuchoka pamzere. Ndinawatsatira ndi magalasi. Ali ndi zaka 74 ndi bondo lomwe limawavuta. Ankakwera masitepe khumi n'kupuma, khumi n'kupuma, mbendera zitasanduka ndodo. Pa 4:05 chimkuzamawu chinapepesanso, ndipo ndinawerengeranso, ndipo ndinapezanso kuti azakhali afika ine ndisanafike. Ndinakhoza katatu konse. Ndikanalakwitsa koyamba kaja, bwenzi bambo atalowa m'nyumba isanakwane 4 koloko.

Azakhali anafika pa 4:25. Ndinaona manja awo akuloza chitseko, akuloza kumwamba, akuloza chifuwa cha bambo. Bambo sanatembenuke. Azakhali analowa m'nyumba, ndipo mtima wanga unakhala pansi poganiza kuti apita kukatsegula chitseko kuti bambo alowe. Anatuluka ndi ambulera. Anatola bulangete lija n'kuwafunditsa bambo, anatambasula ambulera, n'kuima pambali pawo kuyang'ana sitima.

Ndinaimbira azakhali. "Apatseni foni bambo."

Kunamveka mphepo, kenako kupuma kwa mluzu.

"Bambo, lowani m'nyumba."

"Yanyamuka?"

"Munasaina, bambo!"

"Pepala lako linati 3 koloko sitima inyamuka. Wayamba kuphwanya ndi iwe, aprofesa."

"Adokotala ananena kuti chikakugwiraninso simudzabwerera m'nyumba imeneyo. Munamva nokha. Mukufuna zimenezo?"

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinkamva pakhutu, ndikuonanso pamagalasi.

"Zaka 26," anatero, "sindinafulatirepo sitima ili pachingwe. Za Amereka, za Matchaina, zodzaza zidakwa zimene zinkandiponyera zitini. Ndiyambe lero, ndi yonyamula mkazi wanga?"

Amayi anatambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa foni. Ndinali ndi chikhulupiriro choti iwo awamvera.

"Bambo a Chinatsu," anatero mofatsa. "Sikafu ili pamsomali kuseri kwa chitseko. Alamu akutengereni." Anamvetsera. "Ayi, ndili mkati, mwanayu anandikoka." Anamvetseranso. "Chabwino. Pepani."

Anandibwezera foni, anakonza chipewa, n'kuimirira.

"Mukupita kuti?"

"Akuti sakundiona."

"Amayi, auzeni alowe! Inu akumverani!"

"Sangalowe," anatero amayi. "Ndakhala nawo zaka makumi anayi. Ndikawauza alowe, akana, ndiye tisiyana titakangana. Bola andione."

Anatuluka. Ndinatsala ndi woimba piyano kanthawi, kenako ndinawatsatira. Pabwalo lonse lija tinalipo awiri, ndi bambo wina wosuta fodya pobisala mphepo.

Basi inafika cha m'ma 5 koloko, kunja kutayamba kuda. Alendo aja anatsika akukoka masutikesi, ena akuseka, wina n'kuima kaye kujambula bandi, yomwe inali itatsala ndi anthu anayi onyowa. A m'timakonde anawaombera m'manja. Pa 5:20 zingwe zinagwera m'madzi chimodzichimodzi, lipenga linalira katatu, ndipo doko linayamba kutalikira.

Nyale ya pakhonde pathu inali yoyaka. Pansi pake bambo anatuluka mu ambulera ya azakhali, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Anaima choncho, mutu pamvula, sitima ikutembenuka mwaulesi ngati ng'ombe yokhuta. Amayi anabayibitsa mpaka phiri lina linatitchinga. Tinalowa kunsi kwa mlatho pa 5:42.

Uthenga wa azakhali unabwera patangopita mphindi zochepa. "Walowa. Wamwa tiyi. Akuti musadandaule, mudye."

Pachakudya anatikhazika tebulo limodzi ndi banja lina la ku Osaka, anthu ochezeka, oti ulendo uwu unali wawo wachisanu ndi chiwiri. Amayi anayang'ana mndandanda wa zakudya, masamba anayi, n'kufunsa woperekera ngati kungapezeke mpunga ndi supu basi.

"Ndinu a konkuno ku Nagasaki?" anafunsa mayi wa ku Osaka uja. "Koma kwanu kuli anthu aulemu! Munaona agogo awiri paphiri paja? Maola awiri pamvula, kuperekeza anthu osawadziwa n'komwe! Ine mpaka misozi. Kwathu akanakutsekera windo. Ndawajambula, taonani."

Anatiyandikizira foni. Chithunzi chinali chabwino ndithu. Ambulera, bulangete, nyale.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. "Zikomo kwambiri," anatero, n'kuwerama.

M'mawa sitima ikulowa padoko la Kagoshima, foni yanga inapeza netiweki n'kuyamba kunjenjemera osaleka. Anali mauthenga a azakhali. Thupi la bambo linali litatentha, kupuma kukuvuta, ndipo a ambulansi anayi anawatsitsa pamachira masitepe onse. Tinalongedza zimene tinamasula dzulo lake. Pakhomo lotulukira panali mayi yemwe uja wa yunifolomu yabuluu.

"Mukatsika ndi katundu mwatsika," anatero.

"Ndikudziwa," ndinatero.

Tinabwerera pa sitima ya pamtunda, kusintha kawiri. Amayi anagwira chikwama pamiyendo njira yonse.

Kuchipatala tinapeza azakhali pabenchi, atavalabe jekete lachikasu lija. Atationa anaimirira n'kuwerama mpaka mutu kufika m'mawondo.

"Alamu, ndikhululukireni. Munandisiyira munthu."

Amayi anawerama kuposa pamenepo. "Ayi alamu, wolakwa ndine. Ndikanakhala pakhomo."

"Ndikanakwera msanga."

"Ndikanalowa msanga."

Analimbirana mlanduwo pakhonde la chipatala, anamwino akuwalambalala ndi mathireyi. Ine palibe anandipatsako gawo. Sankadziwa za pakhomo lotulukira paja, ndipo sindinawauze.

Bambo anakhala masiku asanu ndi limodzi osazindikira bwino. Pa tsiku lachisanu, sitima yathu inabwerera padoko popanda ife, ndipo ndinaimva ikulira ndili pamzere wogula tiyi. Pa tsiku lakhumi anayamba kudya phala la mpunga ndi kudandaula kuti mulibe mchere. Tsiku lomwelo adokotala anandiitaniranso pambali. Sanandikumbutse zimene ananena mu Seputembala. Anangondipatsa mapepala atatu a nyumba zosamalira okalamba, zonse za kuchigwa, n'kundiuza kuti mpweya wa m'botolo tsopano ndi wa moyo wawo wonse.

"Ndiwauze ine, kapena muwauza nokha?"

Ndinati ndiwauza.

Ndinawapeza atatsamira mapilo, timapaipi m'mphuno, amayi akuwasendera lalanje. Anali atachepa. Manja okha ndi amene anatsala aakulu.

"Ndamva kuti munatsikira ku Kagoshima," anatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Usiku umodzi. Anthu amafika mpaka ku Busan, tsidya la nyanja, inu mwabwera pa njanji ngati ana asukulu. Zamanyazi."

"Idyani lalanje," anatero amayi.

"Aprofesa, mwabisa chiyani kumbuyoko? Ndandanda ina?"

Ndinaika mapepala aja pabulangete. Anayang'ana chithunzi cha pamwamba, cha agogo akumwetulira m'munda wa maluwa. Sanachigwire.

"Bambo," ndinatero, "kuphiri simubwererako. Adokotala akana."

Ndinali nditakonzekera kutukwanidwa. Ndinali ndi mayankho a mafunso asanu ndi awiri amene ndinkaganiza kuti afunsa, kuphatikizapo mabasi amene amayi azikwera pokawaona. Sanafunse ngakhale limodzi. Anayang'ana kudenga, makina a mpweya akuchita phokoso lawo, mpaka amayi anasiya kusenda.

"Mayi a Chinatsu," anatero pamapeto pake.

"Ee."

"Nyumba yathu imaoneka bwanji ukakhala pasitima?"

Amayi anaganiza kaye. Samanama, ngakhale m'chipatala.

"Yaing'ono," anatero. "Ndipo denga lachita dzimbiri mbali ya kunyanja. Ukaima pakhomo sizioneka."

"Kwambiri?"

"Theka lonse."

Bambo anagwedeza mutu pang'ono n'kutseka maso.

"Lisiyeni," anatero.